Msilikali wa Mfuti ya Pinki

Ku Britain, munthu wamkulu wa ndevu zake ndi ana ake akafuna kugula mfuti yachidole yakuda, ayenera kuyamba waphedwa pa masiku atatu osiyana, ndipo imfa yoyamba ndi yotsiriza zitalikirane ndi masiku osachepera 56. Pakhalenso mboni zolemba m'buku kuti anafadi. Akakwanitsa zimenezi, dzina lake limalowa mu kompyuta ya UKARA, bungwe la ogulitsa mfuti zoseweretsa, ndipo kwa chaka chimodzi akhoza kulowa m'sitolo n'kutulukamo ndi chidole chooneka ngati mfuti yeniyeni. Chaka chikatha, akaonetsenso umboni woti adakafabe.

Kunena zoona, mapepala a bungwelo satchula za imfa. Amangofuna umboni woti munthuyo amaseweradi airsoft, masewero amene akuluakulu amavala zausilikali n'kumathamangitsana m'tchire uku akuwomberana timipira ta pulasitiki. Koma kwa mlembi wa danga lino, kusewera ndi kufa zakhala zikuyendera limodzi, moti saona chifukwa chozilekanitsira.

Mlembiyu amakhala m'tauni ina ya pakati pa England, kumene amapeza ya lendi ndi ya ndiwo posamalira nkhalamba usiku. Si munthu wa nkhondo. Kwawo ku Ntcheu ankadziwika kuti nkhuku ikati iphedwe, iye amakumbukira kuti watumidwa kwa a mfumu. Usilikali wake wonse anauphunzira pa benchi ya vidiyo sho, kwa Rambo, Commando ndi Chuck Norris, ndipo zida zake zinali mapesi a chimanga olumikiza ndi minga. Zipolopolo zinkachokera pakamwa. Nkhondo za masiku amenewo zinali ndi vuto limodzi lokha, loti panalibe wovomera kufa. "Ndakuwombera iwe!" "Bodza, wandiphonya!" "Ndakulasa pamutu!" "Ndavala chipewa chachitsulo!" Mapeto ake mfuti zinkaikidwa pansi bwinobwino, anthu n'kuyamba zibakera zenizeni.

Ndiye mnzake wa kuntchito, mzungu wophika phala la nkhalamba zija, atamuonetsa pafoni zithunzi za azibambo ovala mawangamawanga atabisala kuseri kwa mitengo, mwana wa mapesi uja anadzuka m'mtima. Anafunsa kuti zoterezi zinabwera bwanji m'dziko limene apolisi ambiri amayenda opanda mfuti. Yankho lake linali lakuti zinachokera kudziko lina louma mtima pa mfuti kuposa Britain.

Mfuti zinafika ku Japan mu 1543 ndi Apwitikizi amene anakocheza pa chilumba cha Tanegashima, ndipo zaka 50 zisanathe, wolamulira Toyotomi Hideyoshi anali atatopa kale kuziona m'manja mwa anthu wamba. Mu 1588 analamula kuti alimi alandidwe malupanga, mikondo ndi mfuti, n'kuwauza kuti zitsulozo akazisungunula kuti zikhale misomali yomangira chifanizo chachikulu cha Buddha. Boma lililonse limadziwa kulanda chinthu mwaulemu. Lamulo limene likugwira ntchito lero ndi la 1958. Wofuna mfuti yosakira nyama alowe kalasi, alembe mayeso, akhozenso mayeso owombera, atenge kalata ya dokotala yotsimikiza kuti mutu ukuyenda bwino, ndipo alole apolisi kufunsa abale ndi anthu oyandikana naye za khalidwe lake. Mlembi wanu akanagwera pamenepa, chifukwa neba wake amakumbukirabe za makwerero amene anabwerekedwa chaka chatha. Mfutiyo isungidwe m'kabati yachitsulo yokhoma, zipolopolo zikhale kwina, apolisi aziiona chaka ndi chaka, laisensi izikonzedwanso zaka zitatu zilizonse. Timfuti ta m'manja ndiye musatitchule n'komwe. Mu 2021, m'dziko la anthu oposa 120 miliyoni, apolisi anawerenga munthu mmodzi yekha wofa ndi chipolopolo.

Koma kuletsa mfuti sikuchotsa dyera loigwira. M'zaka za m'ma 1960 makampani monga MGC ankapanga zidole zachitsulo zofanana ndi mfuti zenizeni mpaka pa kasikuluwu komaliza. Zinkaphwasulidwa ndi kumangidwanso, zina zinkalira ndi kufuka utsi, koma osatulutsa chipolopolo. Achifwamba anaona mwayi. Ena ankaopsezera nazo anthu, ena ankaziboola kuti ziziwomberadi. Mu 1971 boma linalamula kuti kamfuti kachidole kachitsulo katsekedwe kukamwa ndipo kakhale koyera kapena kachikasu. Opanga anakhala pansi n'kufunsa funso limene loya aliyense angalinyadire: kodi golide si wachikasu? Zinatheka. Mpaka lero m'masitolo a ku Tokyo muli timfuti tonyezimira golide, osati chifukwa cha matama koma chifukwa cha ndime ya lamulo. Ofuna zakuda anasamukira ku pulasitiki, poti lamulolo linkanena za chitsulo.

Kuchokera m'banja lomwelo munabadwa mfuti zolavula timipira ta mamilimita 6, kukula ngati nandolo, tolemera pafupifupi magalamu 0.2. Zoyamba zinkayendera sipuling'i kapena gasi. Mu 1991 kampani ya Tokyo Marui, imene inkapanganso timagalimoto toyendera rimoti, inatenga mota ndi batire n'kuzilowetsa m'mimba mwa chidole cha FAMAS, mfuti ya asilikali a ku France. Mota imazunguza magiya, magiya amakoka pisitoni, pisitoni ikabwerera imakankha mpweya, mpweya n'kuponya kampira, ndipo zonsezi zimachitika kopitirira ka 10 pa sekondi imodzi. Pambuyo pake anawonjezera kalabala kamene kamakhudza kampirako pamwamba potuluka kuti kazizungulira chambuyo, n'kumauluka patali osagwa msanga. Mu 2006 boma la Japan linaika malire a mphamvu, pang'ono kuchepera pa joule imodzi, kutanthauza kampira kothamanga mamita osakwana 100 pa sekondi. Yodutsa pamenepo si chidolenso, ndi mlandu.

Britain inafika pa malamulo ake kudzera m'maliro. Pa 13 Malichi 1996, munthu wina analowa pa sukulu ya pulayimale ku Dunblane, ku Scotland, n'kupha ana 16 ndi mphunzitsi wawo ndi timfuti ta m'manja timene anali nato mwalamulo. Pofika kumapeto kwa 1997 timfuti totere tinali titaletsedwa ku England, Scotland ndi Wales, moti ngakhale akatswiri okonzekera mipikisano ya Olympics ankakaphunzirira kunja, monga ku Switzerland. Pa ndime iyi mlembi wanu alibe nthabwala.

Zenizeni zitavuta kupeza, akuba anatembenukira ku zofanizira, pakuti wogulitsa m'golosale akalozedwa ndi chinthu chakuda safunsa kuti n'cha fakitale iti. Nyumba ya Malamulo inayankha ndi Violent Crime Reduction Act ya 2006, imene ndime zake za zidole zinayamba kuluma mu Okutobala 2007. Kupanga, kuitanitsa kunja kapena kugulitsa chidole chooneka ngati mfuti yeniyeni ndi mlandu, kupatula ngati chikupita kwa opanga mafilimu ndi zisudzo, ku nyumba zosungira zinthu zakale, kwa oyeserera nkhondo zamakedzana, kapena kwa osewera airsoft pamalo okhala ndi inshuwalansi. Ena tonse tigule chimene mbali yake yaikulu ili ndi utoto wowala: wofiira, wa olenji, wachikasu, wobiriwira, wa buluu, wa pepo kapena wa pinki, apo ayi choonekera mkati. Zololedwanso ndi tizidole tosapitirira mamilimita 70 m'litali, komanso zofanizira mfuti za mapangidwe a chisanafike chaka cha 1870. Mlembi wanu atawerenga ndime yomalizayi ananyadira mtundu wake. Chifanizo cha gogodela ya agogo ake, imene pa moyo wake wonse inapha nguluwe imodzi ndi kugonthetsa mwini wake khutu la kumanja, chikanadutsa popanda funso.

Njira zinalipo ziwiri: kumabwereka mfuti pabwalo mpaka nthawi ya umboni itakwana, kapena kugula yopaka utoto. Anatenga cholembera, nawerengera ndi luso lonse la munthu amene anakhoza masamu pa JCE, napeza kuti kugula n'kotchipa. Ya buluu inali itatha. Yobiriwira inali yodula. Ya pinki inali yotsitsidwa mtengo.

Bokosi linafika tsiku limene mayi a kunyumba sanapite kuntchito.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

"Ndi chida cholimbitsira thupi. Paja adokotala anati ndizithamanga."

"Anati muzithamanga ndi mfuti?"

"Sanatchule chonyamula."

"Mwagula zingati?"

Apa mlembi wanu anatchula mtengo umene amuna onse apabanja amaudziwa, umene ndi theka la weniweni. Mayi anangoti "Oho," natola risiti imene inali pamwamba penipeni pa bokosi. Anaiwerenga mwakachetechete, milomo ikugwedera, ndipo aliyense wodziwa banja la Chimalawi la kunja akudziwa chimene chinkachitika m'mutumo: mapaundi ankasanduka makwacha, makwacha n'kusanduka matumba a feteleza. Anamukumbutsa kuti achimwene awo kumudzi adakadikira ya feteleza imene alamu awo anailonjeza ndi pakamwa pawo pomwe. Mwana wamkazi, ataona mtundu wa katunduyo, anafunsa mwachimwemwe kuti, "Adadi, mwandigulira ine?" Mlembi wanu anamufotokozera kuti lamulo sililola munthu wosakwana zaka 18 kugula chidole chotere. Ndi nthawi yokhayo imene boma la Britain linaima kumbali yake.

Mwamuna aliyense wogwira mfuti ya pinki amaganiza chinthu chimodzi, ndicho kachitini ka penti yakuda. Lamulo linamudikirira kale pakona. Kusandutsa chidole chowala kuti chioneke chenicheni ndi mlandu ngati ulibe umboni uja. Kachitini kanabwerera pa shelefu.

Chovuta chenicheni chinali ulendo. Kupezeka pagulu ndi chidole cha mfuti popanda chifukwa chomveka kukhoza kukugonetsa kundende mpaka chaka, ndipo utoto sukupulumutsa. Komanso pali nkhani zimene munthu wokhala ku Britain amazisunga m'mutu. Mu 1999 apolisi ku Hackney, mu London, anawombera ndi kupha Harry Stanley atanyamula mwendo wa tebulo m'jumbo, iwo poyesa ndi mfuti. Mu 2001 ku Brixton anapha Derek Bennett, munthu wakuda, ali ndi laita ya fodya yopangidwa mofanana ndi kamfuti. Ku America, mu 2014, Tamir Rice wa zaka 12 anaphedwa ndi wapolisi ku Cleveland akusewera ndi kamfuti ka airsoft komweka. Choncho mlembi wanu anakulunga chida chake m'chitenje cha mayi, chitenje m'chikwama, chikwama m'thumba lalikulu la mizeremizere lija timanyamulira katundu popita kumudzi, pamwamba n'kuikapo kabichi. M'basi anakhala mowongoka, akumwetulira aliyense, zimene ku England zimachititsa anthu kukukayikira kwambiri.

Bwalo la nkhondo linali nkhalango ya mlimi wina, ndipo asilikali ake anali akauntanti, woyendetsa basi, dokotala wa mano, mphunzitsi wopuma ntchito ndi anyamata angapo amene anabwera ndi makalata a chilolezo ochokera kwa makolo. Ena anavala zodula kuposa suti ya ukwati ya mlembi wanu: zipewa, mawayilesi a m'khutu, jombo, matumba pachifuwa ndi pantchafu. Iye anavala ovololo yobwereka. Nkhondo isanayambe panali mzere. Mfuti iliyonse imayezedwa liwiro pa kamakina, chifukwa kuyambira 2017 lamulo linaika malire a ma joule 1.3 pa yolavula motsatizana ndi 2.5 pa yowombera kamodzikamodzi. Kenako ulaliki wa chitetezo: magalasi oteteza maso asavulidwe zivute zitani, magazini achotsedwe polowa pamalo opumira, osatukwana, zinyalala zitayidwe m'bini, tiyi apezeka masana. Mlembi wanu anayesa kukumbukira filimu imene Rambo anaima pamzere kudikira kuti amusainire fomu, koma sinabwere.

Ndiye panafika lamulo lalikulu. Timipira ta airsoft sitisiya utoto kapena chizindikiro pa zovala, ndipo oyang'anira masewero sangaone zonse zochitika kuseri kwa mtengo uliwonse. Wodziwa kuti walasidwa ndi mwini thupi yekha. Iyeyo akweze dzanja, afuule kuti "Hit!", ayende poyera kubwerera kumene akufa amadikirira kuuka. Masewero onsewa, ndi mamota ake ndi inshuwalansi yake, aima pa chinthu chimene ana a ku Ntcheu anachikana kwamtuwagalu, chomwe ndi kuvomera. Wokana kufa amachotsedwa pabwalo, ndipo mbiri yake imakafika pa mabwalo ena iye asanafike. Ku Japan anthu otere amawatcha mazombi.

Pamenepa ndi pamene mlembi wanu anatulukira mphatso yake. M'nkhalango ya ku England, nyengo yozizira, mulibe chomera chilichonse cha pinki. Adani ankamuona iye asanadziwe n'komwe kuti adani ali mbali iti. Kampira kakakupeza pa jekete umangomva kuti tha, koma kakakupeza pachala kapena pakhutu, Chingelezi chonse chimathawa, ndipo nkhalango ya mlimi uja yamva "Mayo ine!" kokwanira moti ikhoza kuyankha. Amafa msanga, amafa mwaulemu, amathokoza womupha. Nthawi zina amafa dontho la mvula likamugwera pakhosi. Tsiku lina anafa wezulo isanalire, kanthambi katamukhudza kumsana, ndipo anayenda ulendo wonse dzanja lili m'mwamba, magulu onse awiri akumuyang'ana. Woyang'anira masewero anamuyamikira pamaso pa anthu onse kuti ndi wosewera wokhulupirika kuposa wina aliyense, mawu amene pa nkhondo ndi njira yaulemu yonenera kuti munthu alibe phindu.

Phindulo linapezeka. Mnyamata wina wa sekondale, amene gulu linamusankha kukhala mtsogoleri chifukwa ndi yekhayo wotha kuthamanga osagwira m'chiuno, anazindikira kuti kulikonse kumene pinki yalowera, adani amadziulula powombera. Kuyambira pamenepo malangizo a nkhondo amayamba ndi mawu omwewomwewo: "Ankolo, inu tsogolani." Bambo wa ana, wokhoma msonkho, wa udindo kumpingo, ndi nyambo ya gulu.

Kukhala kwa akufa nthawi yaitali kumapatsa munthu mpata woganiza. Mlembi wanu waona kuti olipira ndalama kuti awomberedwe Lamlungu ndi anthu amene mfuti yeniyeni sinawadzutsepo usiku. Iye anakulira m'mphepete mwa msewu umene mbali ina ndi Malawi, mbali ina ndi Mozambique, m'zaka zimene othawa nkhondo pafupifupi miliyoni imodzi anadzaza maboma a m'malire. Nkhondoyo inatha mu 1992, ndipo mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique anayamba kusinthanitsa mfuti zobisidwa ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Amisiri ankadula mfutizo n'kuziwotcherera kukhala ziboliboli. Mpando umodzi wotere, umene Cristóvão Canhavato anaupanga mu 2001, uli ku British Museum ku London. Motero m'dziko limodzi lomweli muli mfuti zenizeni zimene zinavutikira kuoneka ngati mpando, ndi pulasitiki imene ikuvutikira kuoneka ngati mfuti. Amayi ake a mlembi wanu, amene anaphikirapo othawa nkhondowo, sanauzidwe zonse. Amadziwa kuti Lamlungu lina mwana wawo amapita kunkhalango ndi anzake, kumene amagwada kwambiri ndi kuitana dzina la Mulungu pafupipafupi. Mulibe bodza m'menemo.

Malamulo a utotowa ndi osavuta kuwaseka, ndipo mlembi wanu wawaseka mokwanira. Koma malire a chidole ndi chida ndi opyapyala kuposa mmene ogula amaganizira. Mu 2025 apolisi a ku Japan analengeza kuti kamfuti kena ka pulasitiki kochokera ku China, kamene anthu ankawina m'makina otolera zidole m'nyumba za masewero, kakhoza kuwombera chipolopolo chenicheni. Toposa 15,000 tinali titalowa kale m'dzikomo, ndipo aliyense amene anali nako anauzidwa kukapereka kupolisi chaka chisanathe. Munthu anapita kukawinira mwana chidole, n'kubwerera kunyumba ndi mfuti yoletsedwa. Chimvereni zimenezi, mlembi wanu amaima pamzere wa kamakina koyezera liwiro osang'ung'udza.

Dzina lake linalowa kale mu kompyuta ija, ndipo lamulo la Britain tsopano likumulola kugula yakuda. Nduna ya Zachuma ya pakhomo pake sikumulola. Nalo gulu lake linamupempha mogwira mwendo kuti asasinthe mtundu, poti ndondomeko yonse ya nkhondo yaima pa iye.

Chimene anatha kuchita n'kujambulitsa chithunzi atakwinya nkhope, n'kuchichotsa mitundu kuti chikhale chakuda ndi choyera, n'kuchiika pa WhatsApp. Lisanathe ola, foni inalira kuchokera ku Ntcheu.

"Alamu, mwalowa usilikali wa Mfumu Charles osatiuza?"

"Ayi alamu, ndi masewero chabe."

"Masewero a mfuti yotero? Ndiye mutitumizireko imodzi. Anyani atha chimanga kumunda wa kuphiri uja, ndipo akuba mbuzi atitopetsa."

Mlembi wanu anafotokoza zonse mwadongosolo. Anati chinthu chotere sichingangodutsa pabwalo la ndege ngati paketi ya masokosi. Anati chimafuna batire yotchaja, ndipo alamuwo foni yomwe amakatchajitsa pa msika. Anati kuloza wakuba wa chikwanje chenicheni ndi mfuti ya pulasitiki ndi njira yachidule yopitira kuchipatala. Alamu sanamve chimodzi. Anati anthu a kunja ndi choncho, akapeza zabwino amaiwala abale. Potsiriza mlembi wanu anagonja, natumiza chithunzi chija ndi mitundu yake yonse.

Tizizindikiro tiwiri tinasanduka ta buluu. Kunali zii mpaka madzulo, pamene kunabwera uthenga wa mawu.

"Alamu, anyani aja tithana nawo ndi legeni. Inu mungotumiza ya feteleza ija. Ndipo chonde, chithunzichi chisafike pa gulu la banja, ana anga amakulemekezani."